Moto Woyenda M'kati mwa Khoma

Munthuyo anafika Lachiwiri masana, dzuwa la Novembala litakwiya mpaka nkhuku zili yasa kukamwa pansi pa mango. Anatulukira njira yachidule ya kumalire, ija amadutsamo ozembetsa shuga pa njinga, koma iye analibe njinga. Anali ndi bokosi la thabwa paphewa ndi sowo yokulungidwa m'chiguduli. Sanapite ku ofesi ya ahedi, sanapereke moni kwa aphunzitsi amene ankasewera bawo pakhonde. Analunjika kuseri kwa sukulu, pamene panaima nyumba yaitali ya matabwa yosatha kumanga, natula bokosi lake, n'kuyamba kugogoda khoma ndi chala ngati munthu wosankha chivwende.

Enifa ankachokera ku ngolo pamene anamuona, dengu la makoko a chimanga lili pamutu. Linali dengu lakhumi tsiku limenelo, ndipo khosi linali litasiya kuwawa, linangouma. Anatula, napukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje.

"Zikomo, bambo. Mukufuna ahedi?"

"Ayi, mayi." Mlendoyo anali atasolola khoko limodzi pakati pa matabwa. Analifikisa m'manja, likulira khwekhwerere. "Akuthira izi m'khomamu ndani?"

"Ndife. Amayi a komiti."

"Anakuuzani ndani?"

Enifa anaseka kuseka kwa munthu wotopa. "Chisanu cha mu Juni ndiye chinatiuza. Mwachokera kuti inu, osadziwa kuzizira kwa kuno?"

 Mlendoyo anangoyang'ana khoma lija kuchokera pansi mpaka kudenga, maso akukwera pang'onopang'ono ngati akutsatira chinthu chimene Enifa sankachiona.

Nyumbayo inali hositelo ya atsikana, ndipo Enifa anali mlembi wa komiti yoimanga. Njerwa zimene makolo anaumba zinasungunuka ndi mvula ya chizimalupsa uvuni usanayatsidwe. Mwamwayi esiteti ina imene inkatseka inapereka matabwa a shedi yake yosankhiramo fodya. Mmisiri wina, a Vincent, anaimika nsanamira, nakhoma matabwa kunja ndi ena m'kati, pakati n'kusiya mpata wolowa chikhatho. Kenaka anapeza mwayi wa ku Joni, n'kupita ndi hamala yawo yomwe. Amayi anatsala akudzaza mpatawo ndi makoko kuti ana asadzafe ndi chisanu, monga amachitira m'makomboni a m'maesiteti.

Enifa ankayenda maola awiri m'mawa uliwonse kudzagwira ntchitoyi, ndipo chifukwa chake aliyense ankachidziwa. Mwana wake mmodzi yekhayo, Rozi, ankalowa Fomu 3 mu Januwale. Pakati pa mudzi wawo ndi sukulu panali mtsinje umene nthawi ya dzinja umakokolola ndi ng'ombe zomwe. Chaka chimene chinkathachi Rozi ankagona m'kachipinda ka lendi kuseri kwa bala, pamene amaima madalaivala a mathiraki opita ku Chipata. Achimwene a Enifa, eni mbumba, anali atagamula kale. Hositelo ikapanda kutsegulidwa mu Januwale, mwana abwerere kumudzi. Kunali bambo wina wogula fodya amene anali atatuma kale anthu kawiri kudzafunsira.

"Mukusowa mmisiri," anatero mlendo uja. Silinali funso.

"Tikusowa zambiri. Dzina lanu ndani?"

"Muzingoti Maliko."

"Maliko ndani?"

"Maliko chabe." Liwu lakuti chabe analitchula mmene amatchulira anthu a kutsidya kwa malire. "Ndimaliza nyumbayi. Muzindipatsa chakudya ndi pogona. Koma makoko onse atuluke."

Enifa anayang'ana dengu lake, nayang'ananso khoma limene anatha milungu itatu akulidzaza. 

Komiti inakumana mawa lake pansi pa mtengo wa mango. Wapampando, a Phillip, anali mlimi wa fodya amene chibwerere matipate sankatha kugamula ngakhale za tsache popanda kuvotetsa anthu.

"Amayi ndi abambo, ino ndi nthawi ya demokalase," anatero akuwongola jekete lawo. "Mlendo wathuyu akuti tiphwasule zimene tamanga ndi thukuta lathu. Ali ndi ufulu wolankhula. Ifenso tili ndi ufulu womuperekeza mpaka pamalire."

Anthu anaseka. Mayi wina kumbuyo anakuwa kuti mwina mlendoyo ali ndi mbuzi zofuna makoko.

A Maliko sanaseke nawo. Anapempha theka la ola. Anatenga zidutswa za matabwa, nakhoma timakoma tiwiri tofika m'chifuwa, kalikonse ka matabwa awiri ndi mpata pakati, ngati khoma la hositelo. Koyamba anakadzaza makoko n'kukasiya pululu kumwamba. Kachiwiri sanaikemo kanthu, koma anapingasa chipika chochindikala pakati, china pamwamba, namata m'mbali mwake ndi dothi la pachulu. Anaimika timakoma tonse tiwiri pabwalo, kutali ndi udzu.

"Wapampando, inu mumalima fodya wa kampopi. Moto wa mu bani umakoka bwanji?"

"Umakoka ndi chumuni. Zimenezo ndi mwana yemwe amadziwa."

"Mukatseka chumuni?"

"Umazilala."

"Manje onani chumuni chimene mwamangira ana anu."

Anapala khala limodzi pa moto wa amayi ophika, naliponya pansi pa kakhoma koyamba. Kwa kanthawi panalibe chooneka. Matabwa akunja anali chete, osada n'komwe. Ena anayamba kunong'onezana. Kenaka panamveka kulira ngati mphepo ya mu Ogasiti, ndipo moto unatumphukira pamwamba, wautali kuposa munthu, pamene kunja kwa kakhomako kunali kukadali koyera. Pansi pa kachiwiri anaikapo makala atatu ndi udzu wodzaza dzanja. Utsi unatuluka m'munsi, thabwa linada mpaka pa chipika, moto n'kukakamira pomwepo ngati mbuzi yomangidwa. Anauthira madzi a m'kapu imodzi, n'kuzima.

"Moto wa m'chipinda mumauona, mumathawa," anatero a Maliko. "Wa m'khoma suoneka. Umayenda m'kati, umakwera m'denga, umakatsikira kuchipinda cha kumapeto anthu akuthira madzi koyambirira."

 A Phillip anatsokomola kuti ayambe zovota, koma mayi Tabeth anali ataima kale. Anali mayi wamkulu ndithu, wowonda, wosakonda kulankhula, amene anasamukira m'deralo zaka zingapo zapitazo kuchokera kumaesiteti. Anayenda mpaka pa hositelo, nalowetsa mkono wonse m'khoma, n'kuyamba kusolola makoko. Ankasolola mwaukali, zikhadabo zikukanda matabwa. Amayi enawo anayang'anana, kenaka anadzuka mmodzimmodzi.

"Chabwino," anatero a Phillip kwa mipando yopanda anthu. "Mavoti aoneka."

Inali ntchito yotopetsa kuposa kumanga kwenikweni. Matabwa am'kati anazulidwa onse, misomali ikuwongoledwa umodziumodzi pamwala chifukwa ina yogula panalibe. Pakati pa nsanamira ziwiri zilizonse a Maliko ankadula zipika zitatu, cha pansi, cha pakati ndi cha pamwamba, chilichonse chothina moti chinkalowa ndi hamala. Amayi ankatsatira ndi dothi la pachulu, kumata mng'alu uliwonse. A Maliko ankabwera pambuyo ndi udzu umodzi, kuulowetsa m'mbali mwa chipika. Udzuwo ukangodutsa, ankati, "Bwerezani."

"Kodi tikumanga hositelo kapena tikumata mtsuko?" anadandaula a Phillip tsiku lina. "Ena akuti dziko likutha pa 31 Disembala, inu muli pa udzu!"

"Likatha, tidzapezeke titatseka," anayankha a Maliko osatembenuka.

Pamwamba pa siling'i anagawa denga m'zigawo zinayi ndi malata akale, okhomedwa kuchokera pa mtanda mpaka kunsonga, kuti moto ukalowa m'chigawo chimodzi usathamange nyumba yonse. Kumeneko ankagwira okha, masana malata atatentha, n'kutsika malaya atamatirira kumsana. Mvula inayamba. Anthu anabalalikira kuminda kukabzala, ndipo pa ntchito panatsala atatu, a Maliko, Enifa ndi mayi Tabeth.

Enifa ankadzuka kukacha, kupalira mizere ingapo m'munda mwake, kenaka n'kuuyamba ulendo, nsapato zili m'manja chifukwa cha matope. Kalendala ya ku tchalitchi imene inali m'nyumba mwake sankafunanso kuiyang'ana. Komabe anazindikira kuti pa njira ankafulumira akamayandikira sukulu, ndipo kuti anayamba kuchapa mpango wake wabuluu kawirikawiri. Chimwalirire bambo a Rozi panali patapita zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ankaganiza kuti mbali imeneyo ya mtima inauma ngati khosi. Tsopano ankapezeka akuyang'ana manja a mlendoyo akamayeza thabwa, pensulo ili kukhutu, n'kumadzifunsa kuti munthu wodekha chonchi anasiya ndani kumbuyo. Ankawabweretsera mbatata yootcha. Iwo ankalandira ndi manja awiri, n'kunena kuti, "Mwavutika, make Rozi," ngati mbatatayo inali nkhuku yathunthu.

Koma a Maliko anali ndi zawo. Lamulungu sankalowa m'tchalitchi, ankaima panja pafupi ndi zenera, chipewa chili m'manja. Galimoto ya polisi ikadutsa pamsewu, ankapeza chochita m'denga. Bokosi lawo linali ndi kachipinda kapansi kokhoma ndi loko, ndipo kiyi ankaivala m'khosi pamodzi ndi kolona.

Tsiku lina chakumasana, amayi awiriwo akumata khoma la chipinda chomaliza, mayi Tabeth analankhula osafunsidwa.

"Wanga akanakhala msinkhu wolowa Sitandade 5. Luwiza."

Enifa anasiya kumata. Sankadziwa kuti mayi Tabeth anali ndi mwana wamng'ono chotero.

"Tinali matenanti pa esiteti ina uko, cha kumalire. Mu 92, chaka cha chilala. Anatimangira nyumba yaitali ya matabwa ngati ino, mabanja khumi ndi awiri, khomo lililonse banja lake. M'makoma anadzazamo udzu. Tinkayamika, eti, kuti mmisiri ameneyu ndi wachifundo, watiganizira chisanu." Anatapa dothi, naliponda ndi chala chachikulu m'mbali mwa chipika. "Luwiza ndinamusiya akugona masana, ndinakoka chitseko n'kumangira waya kuti asatuluke kupita kudamu. Tonse tinkatero. Ndinapita kukasoka fodya kuchigafa. Moto unayambira kwa anthu a kumapeto ena, pa mbaula. Anthu anathamangira kumeneko ndi ndowa. Ine ndinaona utsi, mtima unali m'malo, ndinati kwathu n'kutali, pali zipinda khumi pakati. Ndinathandiza nawo kutunga madzi. Ndinatunga ndowa zitatu, make Rozi."

Pamwamba pa siling'i, pamene hamala inkalira chiyambire m'mawa, panali zii.

"Mmisiriyo anathawa tsiku lomwelo, amuna akumusaka ndi zikwanje. Nkhope yake sindinaione, tinafika iye atasamukira kumanga mabani kutsidya kwa damu. Koma dzina lake ndimalidziwa. Ndimagona nalo, ndimadzuka nalo. Pakamwa panga silidzatuluka, lingandidetse lilime." Anapukuta manja m'chitenje. "N'chifukwa chake bambo awa ndimawapempherera. Akanakhala iwo amene anamanga nyumba ija, bwenzi mwana wanga ali pano akutitungira madzi."

Hamala sinalirenso mpaka dzuwa kupendeka. A Maliko atatsika, nkhope yawo inali yotuwa ngati phulusa. Anati malata awatentha mutu, ndipo mbatata ya tsiku limenelo sanadye.

Kalata ya ku Boma inafika Khirisimasi itatsala masiku anayi. Enifa, monga mlembi, anaiwerenga pamaso pa komiti. Woyendera zomangamanga adzabwera Lachitatu pa 29 Disembala. Popeza nyumbayo ndi ya matabwa ndipo mudzagona ana, sidzatsegulidwa pokhapokha mmisiri woimanga ataonetsa satifiketi ya umisiri wake ndi kusaina dzina lake. Zikalephereka, woyenderayo adzabweranso teremu yachiwiri.

"Palibe vuto," anatero a Phillip. "A Maliko, pepala lija muli nalo, eti? Munthu wa udzu ngati inu sangakhale wophunzirira pansi pa mtengo."

"Ndilibe."

"Mulibe kapena munaiwala kwanu?"

"Ndilibe, wapampando."

Msonkhano unatha mwa phokoso. Ena ankati alembere a Vincent ku Joni, koma adiresi panalibe amene ankaidziwa. Ena ankati abwereke mmisiri wa ku Boma adzasaine, koma ahedi anakana ponena kuti woyenderayo amafunsa mafunso, bodza lingagwetse sukulu yonse. Enifa anangokhala, kope la komiti lili pamiyendo. Teremu yachiwiri inali mu Epulo. Pofika Epulo Rozi adzakhala akusinja pakhomo pa wogula fodya.

Anthu atabalalika Enifa anawapeza a Maliko m'chipinda chomaliza akupala chitseko chimene chinali chosalala kale.

"A Maliko, m'kachipinda kokhoma ka bokosi lanu muli chiyani?"

Anapitiriza kupala.

"Ine sindine mwana. Mmisiri wosaphunzira sagawa denga ndi malata. Ndipo tsiku lija mayi Tabeth akulankhula, hamala yanu ndinaimva itasiya."

Anaika puleni pansi, nakhala pa bokosi lija. 

"Anandipempha okha," anatero potsiriza. "Amayi a pakomboni. Anati ana akudwala chibayo ndi mphepo yolowa m'matabwa. Ine ndinali nditangotuluka kumene kusukulu ya umisiri, pepala lili m'thumba, ndikudziona wanzeru. Ndinati dzazani udzu. Ndinawasonyeza ndi kadzazidwe kake." Anagwira kiyi ya m'khosi mwawo. "Ndakhala ku Zambia zaka zisanu ndi ziwiri. Kumeneko mzungu wina womanga nyumba za alendo ndiye anandiphunzitsa zotchinga izi. Tsiku limene anandisonyeza ndinasanza. Zipika zitatu, make Rozi. Zipika zitatu ndi dothi. Chiyambire pamenepo ndikamva kuti kwinakwake akumanga ya matabwa, ndimapita. Ndatchinga kale nyumba zinayi, ino ndi yachisanu. Sindinkadziwa kuti mayi aja ali kuno."

"Akudziwa dzina lokha."

"Dzinalo ndi limene lili pa pepala."

Enifa anatsamira khoma. Linali lolimba, lozizira, lonunkhira dothi. Anafuna kukwiya, koma mkwiyo umafuna mphamvu, ndipo iye analibe. Anaganiza za ndowa zitatu za mayi Tabeth. Anaganiza za Rozi akuwerenga pamkeka, milomo ikuyenda. Anaganizanso, mwamanyazi, za mpango wake wabuluu.

"Apolisi akukufunani?"

"Kaya. Apolisi sindiwaopa kwenikweni. Ndimaopa maso a mayi aja. Amandipatsa madzi akumwa atagwada."

"Ine sindikupemphani kanthu," anatero Enifa. "Sindikaululanso kwa munthu. Ndatopa, a Maliko. Ndasenza makoko kulowetsa, ndasenza kutulutsa. Izi ndiye sindingasenze. Musenze nokha."

Anatola nsapato zake, nauyamba wa kumudzi. Mtsinje unali utayamba kufika m'mawondo.

Lachitatu kunacha kwa mitambo. Enifa anafika mamawa, napeza kachipinda ka sitolo kamene a Maliko ankagonamo kali kosesa bwino, mphasa yopindidwa, bokosi palibe. Mlonda anati anawaona akulowera njira ya kumalire kusanache bwino. Enifa anangogwedeza mutu. Sanalire. Anatenga tsache n'kukasesa hositelo, chipinda ndi chipinda, ngati kuti kusesako kungasinthe kanthu.

Woyendera anafika pa njinga yamoto cha m'ma teni, bambo wamfupi wa magalasi, thalauza atalipisira m'masokosi. Komiti yonse inamutsatira pambuyo. Anagogoda makoma. Anapempha kuti azule thabwa limodzi, ndipo ataona zipika ndi dothi anavula magalasi n'kuwapukuta. Anakwera makwerero, nalowetsa mutu m'siling'i, n'kukhala momwemo nthawi yaitali.

"Ndayendera nyumba zambiri m'boma lino," anatero akutsika. "Izi ndinangoziona m'buku. Mmisiri wake ali kuti?"

A Phillip anawongola jekete. "Bwana, mmisiri wathu wapita kaye... wadwalika pang'ono."

"Satifiketi wasiya?"

A Phillip anapukusa mutu.

Anakhala m'kalasi ya Fomu 1, woyendera pa tebulo la aphunzitsi, komiti pa madesiki a ana, mawondo akugunda matabwa. Bamboyo anatulutsa fomu ndi chidindo, naziyala, kenaka anapumira m'mwamba.

"Ntchito ndi yabwino, sindikubisirani. Koma mzere uwu ukufuna dzina ndi nambala. Nyumba ya matabwa yogona ana makumi anayi, pakachitika kanthu, boma lidzafunsa kuti anamanga ndani. Sindingalembe kuti mzimu."

"Bwana," anatero mayi Tabeth ataimirira, munthu amene sanalankhulepo pa msonkhano, "lembani dzina langa. Dothi lonselo ndamata ndine. Munthu ameneyo ndi wa Mulungu, ine ndikumuikira umboni."

"Mayi, ndikumva. Koma lamulo silifuna umboni, likufuna pepala." Anayamba kubweza chidindo m'chikwama. "Tionana mu Epulo."

Enifa anatseka kope. M'mutu mwake anali atayamba kale kufunafuna mawu okamuuza Rozi, ndipo sankawapeza.

Chitseko chinalira. A Maliko anaima pakhomo, thalauza lonyowa mpaka m'chiuno, bokosi lili paphewa. Ankapuma ngati munthu amene wayenda ulendo wautali n'kubwerera pa njira. Sanayang'ane aliyense. Anatula bokosi, navula kiyi m'khosi, natsegula kachipinda kapansi. Anatulutsa pepala lokulungidwa m'pulasitiki ya shuga, lopindika mpaka m'mizere mwake mutayera, n'kuliika pa tebulo ndi manja awiri.

"A Maliko!" anafuula a Phillip. "Mwatidwalitsa mtima, munthu inu! Si munati mulibe?"

Woyendera anafunyulula pepalalo mosamala. Anayang'ana chithunzi, nayang'ana nkhope, nayang'ananso chithunzi.

"Munali wonenepa," anatero.

"Kale, bwana."

"Giredi wani. Chabwino." Anakopera nambala pa fomu, natembenuzira fomuyo kwa a Maliko. "Sainani apa."

A Maliko anagwira cholembera. Anasaina. Chidindo chinagunda pa tebulo kamodzi, phaa, ndipo amayi kumbuyo anayamba nthungululu. Mayi Tabeth ndiwo anatsogolera, manja ali m'mwamba, misozi ikutsika. Enifa anamva chinthu chikumasuka m'chifuwa mwake, chimene chinamangika chiyambire Novembala. Rozi adzagona m'chipinda chachiwiri, pafupi ndi zenera. Koma Enifa sanathe kuimba nawo nthungululu. Ankayang'ana msana wa munthu amene anaima pa tebulo uja, mapewa atagwa.

"Alembi," anatero woyendera akutseka chikwama, "mulembe m'kope lanu kuti nyumba yavomerezedwa lero, ndi dzina la mmisiri monga lilili pa satifiketi. Paja apa sipanalembedwe Maliko."

Nthungululu inazilala. A Phillip anakweza nsidze.

"Ndipatseni pepalalo ndikopere," anatero Enifa msanga, akutambasula dzanja. "Palibe chifukwa chowerengera mokweza."

"Ayi, make Rozi." A Maliko anaika chikhatho pa pepala lija. "Mwasenza zokwana."

Anatembenuka. Sanayang'ane wapampando, kapena ahedi, kapena woyendera. Anayenda pakati pa madesiki mpaka pamene panakhala mayi Tabeth, nagwada pa simenti, madzi a m'thalauza akuyenderera pansi. Mayiwo anali akumwetulirabe, osamvetsa, dzanja litatambasuka kuti awadzutse.

"Mayi, musandigwire kaye," anatero. "Nyumba ija ya pa esiteti, ya mabanja khumi ndi awiri, ndinamanga ndine. Udzu uja ndinalamula ndine. Dzina limene mumakana kulitchula, ndilitchule ndekha."

Dzanja la mayi Tabeth linaima m'malere. Kunja mvula inayamba kuwaza pa malata a hositelo. Enifa anagwira cholembera, nsonga yake ili pa mzere wopanda kanthu.

"Ndine Damiano Msokera."